Mbewu ya Pansi pa Nsalu Yoyera

Ndiyambe ndi kupepesa, chifukwa ine si mlembi. Ndine mphunzitsi wa Chingerezi pasekondale ina yoyendera kufupi ndi Ludzi, ndipo zimene dzanja langa linazolowera ndi choko ndi bolopeni yofiira. Kulemba za munthu wamkulu amene akali moyo, amene ndimakumana naye pa Misa Lamulungu lililonse, kwandisowetsa mtendere. Ndime ino yokha ndaifufuta kangapo. Ngati pena ndalakwitsa mwambo wa kuno, eni ake andikhululukire. Kwathu ndi ku Thyolo, kuno ndinabwera ndi ntchito. Eni nkhani, a Timoteyo Sakala, anandilola. Anangoti, "Lembani, koma musandidzoze mafuta. Anthu akuno amandidziwa mmene ndilili." Anapemphanso kuti dzina la mzungu amene analemba ndakatulo ya m'nkhani ino ndisalitchule. Kwa iwo amenewo ndi mawu a akazi awo, malemu a Benedicta, basi.

A Timoteyo anabadwira tsidya lina la malire, kumidzi ya kufupi ndi Mwami. Sukulu anaisiya atangodziwa kulemba dzina ndi kutsatira buku la nyimbo. Ali mnyamata ankayendetsa ngolo ya malume awo, ndipo ngoloyo ndi imene inawaolotsa malire. Iwo amati ng'ombe sizinkafunsidwa chiphaso, ndiye woziyendetsa ankangotsatira m'mbuyo. Ankatuta chimanga, mtedza ndi mabelo a fodya m'midzi ya mbali zonse ziwiri. Tsiku lina atatsitsa matumba pachigayo cha ku Ludzi, mtsikana wina anawauza kuti goli la ng'ombe yakumanzere likuipweteka pakhosi. Anayang'ana, napeza kuti n'zoona. Mtsikanayo anali Benedicta, amene anaphunzira kwa masisitere mpaka Fomu 2, n'kusiya bambo ake atamwalira.

Atakwatirana, a Timoteyo anakhala mkamwini monga mwa mwambo wa kuno: anamanga nyumba kumudzi kwa mkazi, nalima minda ya mbumba ya mkazi. Mwini mbumbayo anali a Vitus, mlongo wa a Benedicta, munthu wapakamwa posapuma. Atamva kuti alamu awo atsopanowa amati "manje" pofuna kunena kuti "tsopano", anawapatsa dzina loti a Manje, ndipo dzinalo silinachokenso. Lero pali ana m'mudzimo amene sadziwa kuti a Manje ali ndi dzina lina.

Pazaka zoposa makumi anayi a Timoteyo analima fodya ndi chimanga, anabzala mango kuzungulira nyumba, anasema magoli a anthu ambiri. Mtengo wa fodya utagwa chaka china anakagwira ganyu wonyamula katundu paboda, n'kubwerako mvula itayandikira. Mowa sankamwa. Pamaliro ankakhala m'gulu loyamba kufika ndi khasu. Sindinapeze munthu wowanenera zoipa, ngakhale ndinafunsa dala kuti ndisaoneke ngati ndikuwadzoza mafuta aja.

Chinthu chimodzi sichinabwere m'nyumbamo: mwana. Anayenda kuzipatala, anapemphera, anamwa zimene achibale ankabweretsa m'mabotolo, koma ayi. Ndipo mkamwini wopanda mwana amakhala pamudzi ngati mlendo amene wachedwa kutsanzika. Palibe amamuthamangitsa, koma aliyense amadziwa kuti chomugwira pamalopo ndi munthu mmodzi yekha.

Munthu mmodziyo anamwalira mu Juni chaka chatha, kukuzizira.

Ine a Benedicta ndinkawadziwa pang'ono chabe. Ankandigulitsa mbatata, ndipo nthawi zina ankandilonjera m'Chingerezi chaulemu, chachikale, chimene ana anga a Fomu 4 sangachikwanitse. Pamaliro ndinapita, ndinakhala ndi amayi ena, ndinabwerako. Ndinkaganiza kuti mbali yanga yathera pomwepo.

Kumayambiriro kwa Seputembala, titaweruka, ndinapeza a Timoteyo ataima ndi njinga pafupi ndi nyumba za aphunzitsi, atavala jekete la kutchalitchi ngakhale kunkatentha. Ndinawatulutsira mpando pakhonde.

"Aphunzitsi," anatero titalonjerana, "ndamva kuti pano Chizungu chozama mwini wake ndinu."

"Ayi abambo, timangoyesa."

"Ndili ndi mawu. Si anga, ndi a malemu. Ndiwanene, inu mundiuze chimene akunena."

Anavula chipewa, nayang'ana pansi, nayamba. Poyamba sindinamve kanthu. Sizinali Chingerezi chimene ndimachidziwa, komanso sizinali Chichewa. Zinali ngati mmene agogo ena amaimbira nyimbo zakale za Chilatini: maliwu onse alipo, koma palibe pamene liwu lina likuthera ndi pamene lina likuyambira. Ndinapempha kuti abwereze pang'onopang'ono. Atabwereza, ndinayamba kumva kugunda kwake, kukwera ndi kutsika kofanana mzere uliwonse, ndipo ndinazindikira kuti ndi ndakatulo. Ndinatola mawu angapo: munda, mbewu, kuzizira, kuyera.

"Munaloweza bwanji zonsezi?"

"Ndi khutu. Munthu akamanena chinthu chimodzi zaka zonsezo, ngakhale ng'ombe ikhoza kuloweza. Anaiphunzira kwa sisitere wina wachizungu. Sankaimba ayi, ankangoinena, tikakhala awiri. Kuchipatala, atatsala pang'ono, anainenanso. Mawu awo omaliza kwa ine ndi amenewo."

Ndinafunsa ngati malemuwo anawamasulirapo.

"Sindinawafunse."

"Zaka zonsezi?"

"Ndinafunsa munthu wina." Anazunguza chipewa m'manja. "Chaka chimene ndinali paboda, panali kalaliki wa ajenti wina woolotsa katundu, dzina lake Davie, wodziwa Chizungu cha mapepala. Tinakhala pamthunzi wa thiraki, ine ndikunena, iye akumasulira liwu ndi liwu. Anati: ine ndine munda, wabzalidwa, koma odutsa sakuona kanthu. Kwazizira. Nsalu yoyera yaphimba munda wonse. Ndiye kumapeto akuti, munda umenewu usautembenuze ndi khasu, usiye. Davie anaseka, amvekere, 'Mdala, mzungu ameneyu mbewu yake inaola.'"

Kenako anapitiriza.

"Inu aphunzitsi mwina simulima. Kuno ukabzala, mvula n'kugwa, anzako kwamera, kwako kuli zii, ndiye kuti mbewu inali yakufa. Ndipo nsalu yoyera kuno timaphimba chinthu chimodzi chokha. Ndinamva bwinobwino. Munda ndi Benedicta. Mbewu yoola ndine. Anali munthu waulemu, sakanandinena m'Chichewa anthu akumva. Anandinena m'Chizungu, mofatsa, kuti chimutuluke mumtima. Ine ndinkangoti zikomo. Ndikanafunsa bwanji? Ndinkaopa kuti andiyankha kuti eya."

Kenako anandiuza chimene chinawabweretsa. Kumapeto kwa mwezi womwewo achibale a mbali zonse ziwiri anapangana zokumana kuti awasudzule, kutanthauza kuwamasula paukwati kuti akhale omasuka kubwerera kwawo. A Vitus anali atawauza kale pambali kuti, "Alamu, ife sitikuthamangitsani, koma tsikulo pakamwa ndi panu." Phillip, mwana wa mlongo wa a Timoteyo wa ku Mwami, anali atawakonzera kachipinda. Kwawoko anzawo onse anatha, ndipo a Timoteyo anachokako tsitsi lili bii.

"Mtima wanga uli kuno, pali manda ake," anatero. "Koma sindingakhale pamunda wa munthu amene anafa akundidandaula. Ngati mawuwa akunena zimene ananena Davie, ndinyamuka. Ndangofuna ndimve kwa munthu wachiwiri."

Ndinachita mantha. Ine ndi munthu amene ngakhale mwana akandifunsa tanthauzo la liwu limene ndikulidziwa, ndimatsegula kaye dikishonale. Ndinawapempha kuti andipatse nthawi ndiipeze ndakatuloyo yolembedwa, ndipo ndinalonjeza kuti ndidzabwera ndekha kunyumba kwawo tsikulo lisanafike.

Ndinaipeza mulayibulale yathu, m'buku lakale lopanda chikuto, limene chiswe chinadya m'mbali. Ndi ndakatulo yachikondi ya kalekale, yaifupi. Nditaiwerenga, mtima unandigwa, chifukwa Davie sananame. Zonse zinalimo: munda, mbewu, odutsa osaona kanthu, kuzizira. Nsalu yoyerayo inali chipale chofewa chimene chimagwa kumayiko ozizira, ndipo wolembayo anachifanizadi ndi nsalu. Ndinatsegula manotsi anga a kukoleji. Kumeneko tinaphunzitsidwa mwachidule: chipale chimaimira imfa kapena kuzirala kwa chikondi, dzinja lozizira ndi chisoni, dzuwa ndi chimwemwe. Inenso ndakhala ndikulembetsa ana zomwezo, iwo n'kumakhoza nazo mayeso, ngakhale onse amadziwa kuti dzuwa la Okutobala si chimwemwe cha munthu aliyense.

Koma panali mzere umodzi umene unkakana kulowa m'manotsiwo. Wolankhula m'ndakatuloyo ankati nsalu yoyerayo ikumusunga. Chinthu chimene chikuimira imfa chingasunge bwanji munthu? Komanso ndi mlimi wanji amabzala akudziwa kuti kukubwera chisanu? Ndinawerenga, ndinabwereza, osapeza yankho.

Mawa lake pabuleki ndinafunsa a Kondwani, mphunzitsi wa zaulimi, amene ankadya chinangwa pakona ya chipinda cha aphunzitsi.

"Madamu Dyna, mwayamba liti ulimi?" anatero. "Maluwa anu aja apakhonde anauma ndi manyazi."

"Ndiyankheni kaye. Kumayiko ozizira, alipo amene amabzala chisanu chili pafupi?"

"Tirigu wina amatero. Amabzala dala kuzizira kusanafike. Amamera pang'ono, kenako amagona. Chipale chikagwa chimamuphimba, ndipo ndi chimene chimamutchinjiriza kumphepo yoluma. Wodutsa amangoona poyera. Chikasungunuka, madzi ake ndi omwewo amene amamudzutsa." Anandiloza ndi chinangwa. "Munthu wosadziwa akhoza kubwera ndi pulawo n'kuwononga zonse, akuganiza kuti m'mundamo mulibe kanthu. Pali mayeso?"

"Palibe."

"Ndiye mwatumbuluka chifukwa chiyani?"

Sindinakhutire ndi munthu mmodzi. Ndinafufuzanso pafoni, ndinawerenga malo angapo, onse ankagwirizana ndi a Kondwani. Ndinabwerera kundakatulo ija, ndipo inali ngati nyumba imene ndakhala ndikuizungulira kumbuyo, tsopano ndapeza khomo.

Loweruka m'mawa ndinapita kumudzi. A Timoteyo ndinawapeza pachigafa chopanda fodya, akumanga nkhwangwa, sompho ndi makasu mtolo umodzi. Munda wakuseri kwa chigafa unali wosasosa, mapesi a chaka chatha ali mbwee. Anandiyalira mphasa, iwo nakhala pagoli lakale.

Ndinayamba monga ndimayambira m'kalasi. Ndinati ndakatulo ikhoza kumveka mosiyanasiyana, kuti mwina wolemba ankafuna kunena izi, mwinanso izo, kuti akatswiri ena amaona mwina. Anandimvetsera mwaulemu, kenako anakweza dzanja.

"Aphunzitsi, mawu akuti mwina ndagona nawo zaka zambiri. Ndiuzeni zimene pepalalo likunena."

Ndinatseka manotsi. Ndinawauza za tirigu wobzalidwa kuzizira kusanafike, za chipale chimene chimagwa ngati ufa n'kuphimba minda miyezi ingapo, ndi kuti pansi pake mbewu imakhala yamoyo.

"Siiola?"

"Siiola. Choyeracho ndi chimene chimaiteteza."

Anayang'ana kumunda wosasosawo nthawi yaitali. "Ndiye kuti nsaluyo si ya maliro," anatero pang'onopang'ono. "Ndi mapesi. Ngati aja amatiuza alangizi kuti tiziphimbira, dzuwa lisapsereze nthaka."

"Ndi choncho. Kwawoko mdani ndi chisanu, kuno ndi dzuwa."

"Nanga zakuti usalimemo?"

"Sakunena kuti munda ndi wotayika. Akupempha. Akuuza wokondedwa wake kuti: anthu odutsa akuti muno mulibe kanthu, iwe usawamvere, usabwere ndi khasu kudzatembenuza. Zimene tinabzala zilimo."

"Akulankhulayo ndi munda?"

"Ndi munda."

"Ndipo sakudandaula za mbewu?"

"Palibe mzere ngakhale umodzi wodandaula za mbewu. Ndawerenga kambirimbiri, abambo. Akuisunga."

Anagwira mpini wa khasu limodzi la mumtolomo, nauzunguza. Kenako anafunsa funso limene ndinkaliopa.

"Koma Benedicta ankadziwa zimenezi? Kapena nayenso ankamva ngati Davie?"

Ndinawauza zoona, kuti zimenezo sindingalumbire. Amene anawaphunzitsa anali munthu wa kudziko la chipale, ndipo n'zovuta kuganiza kuti anawalowezetsa osawafotokozera, koma ine kunalibe. Ndiye ndinawafunsa kuti malemuwo anainena liti koyamba.

Anati zinali zaka zingapo chikwatirane. Amayi akuluakulu a m'mudzimo anaitana a Benedicta m'nyumba ya amayi awo, n'kutseka chitseko. Aliyense ankadziwa nkhani yake: amuuze Mzambiayo azipita, mbumba ikufuna ana. A Timoteyo anali pachigafa chomwechi, akusoka fodya, akudikira kuuzidwa.

"Anatuluka maso ali psuu. Anabwera, anaima apa pali inupa, nanena mawuwo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kenako anatenga chingwe n'kuyamba kusoka nane. Sanandiuze kuti ndizipita. Ine ndinayesa wandimvera chisoni chabe." Anasiya mpini uja. "Anainenanso chaka chimene mng'ono wake anabereka mapasa, anthu akutiyang'ana. Anainenanso pamene wina anabwera ndi nzeru yolowetsa mwamuna wina m'nyumba mwakabisira. Nthawi zonse ankainena anthu akatha kulankhula."



"Koma aphunzitsi," anatero, "kwa mzunguyo chipale chinasungunuka, tirigu n'kudzuka. Kwathu kuno sikunamere kanthu."

Ndinatsegulanso buku lija kuti ndisaname. "Ndakatuloyi simafika pokolola, abambo. Imathera kukali kozizira, munda ukali woyera. Wolankhulayo saonetsa ngala ngakhale imodzi. Chimene akunena n'chakuti iye akudziwa zimene zili pansi, ndipo sakufuna kuti wina azifukule."

A Timoteyo anaphimba nkhope ndi chipewa. Ndinayang'ana kumbali, kumitengo ya mango imene inali itayamba maluwa, mpaka atamaliza. Potsanzikana anangoti, "Mwayenda, aphunzitsi." Mtolo wa makasu uja unali ukali womanga, ndipo sindinadziwe chimene atsimikiza.

Tsiku losudzula anandiitana, ngakhale sindine wachibale. Ndinakhala kumbuyo kwa amayi, pansi pa mango. Phillip anafika m'mawa panjinga yamoto ndi akuluakulu awiri a kwawo. Kutsogolo kwa amayi kunakhala Felista, mwana wa mng'ono wa a Benedicta, mmodzi wa mapasa aja, amene tsopano ali ndi ana akeake ndi kamunda kosakwanira. Aliyense ankadziwa kuti a Timoteyo akachoka, munda waukulu ukhala wake.

Atapemphera, a Vitus analankhula mawu a mwambo. Anathokoza a kuchimuna chifukwa cha munthu amene anawabwereka. Anati mlongo wawo anasungidwa bwino, anadwazikidwa bwino, anaikidwa bwino, ndipo kuyambira tsikulo a Sakala ndi omasuka, palibe mlandu. Kenako anatembenukira kwa alamu awo.

"Manje, a Manje, pakamwa ndi panu."

Anthu anaseka pang'ono, mwaulemu. A Timoteyo anaimirira, chipewa m'manja.

"Alamu, amayi nonse, ndamva kuti mwandimasula. Zikomo. Koma ndikupempha ndikhale."

Phillip anaweramitsa mutu.

"Sindinabereke pamudzi pano, zimenezo sizobisika," anapitiriza. "Kale amayi anamuuza Benedicta kuti andichotse, iye anakana. Ine ndinkayesa anakana chifukwa cha chisoni. Ndamva mochedwa kuti sichinali chisoni. Ndiye chimene iye anakana kufukula, ine sindifuna kuchifukula ndi manja anga."

Sindikudziwa kuti ndi angati anamva tanthauzo lake. Amayi ena achikulire anayang'ana pansi.

Felista ndiye anayankha, mosabisa mawu. "Ababa, ine sindikudana nanu. Munandilipirira yunifolomu, sindinaiwale. Koma munda uja ndi waukulu, inu mwakula, ana anga akudya kamodzi. Ndiponso mukadwala, phala akuphikireni ndani?"

"Iweyo," anatero a Vitus. "Unkadya mango a yani?"

"Amalume, inu mumangoseka zilizonse."

"Mwana akunena zoona," anatero a Timoteyo. "Munda waukulu atenge, ndi wa amayi ake. Ine mundisiyire nyumba ndi kamunda kakuseri kwa chigafa. Ng'ombe ndi pulawo zilipo, ndizimulimira ndikakhala ndi mphamvu."

Anakambirana kwa nthawi, amayi paokha, abambo paokha, n'kubwereranso pamodzi. Anavomera. Felista sanamwetulire, koma anapita kukagwada pafupi ndi a Timoteyo n'kuwagwira dzanja.

Ndiye Phillip anafunsa chimene a kuchimuna sakanachoka osafunsa. "Tamva. Koma tsiku likadzafika, mudzatiuze msanga, tidzatenge thupi. Kuolotsa maliro paboda kumafuna mapepala."

"Musadzavutike ndi mapepala," anatero a Timoteyo, osayang'ana munthu.

Onse anayang'ana a Vitus, chifukwa manda ndi a eni mudzi. Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni, ndinawaona akusowa mawu. Anakanda kumutu, anayang'ana cha kumsitu wa kumanda, kenako anati, "Pafupi ndi mlongo wanga malo alipo. Tikauza amfumu. Koma musafulumire, alamu, goli langa lija simunamalize."

Kumapeto kwa Okutobala ndinadutsako popita kukagula mbatata kwa Felista. Kunkatentha kwambiri, kumwamba kopanda ndi kamtambo komwe. Ndinapeza a Timoteyo m'kamunda kaja atamaliza kubzala chimanga pouma, akuyala mapesi pamwamba. A Vitus anali ataima m'mphepete, akuwanena kuti mbewu imeneyo idyedwa ndi mbewa mvula isanabwere.

"Zikadya ndidzabzalanso," anayankha a Timoteyo. Atandiona anaweramuka. "Aphunzitsi, tsiku lina mudzandiphunzitse pamene liwu lililonse likuthera. Ndimainena m'mawa uliwonse, koma ndikufuna ndizidziwa pamene ndikuponda."

Tinayamba Lamulungu lotsatira, tikatuluka Misa, mzere umodzi pasabata. Amaphunzira pang'onopang'ono, ndipo amakana kupitirira ngati chithunzi cha mumzerewo sanachione ndi maso a mumtima. Pali mzere wina wotchula mbalame imene sitikuidziwa tonse awiri; takhalapo masabata angapo.

Apa ndi pamene nkhani ya a Timoteyo yafika, ndipo ndikudziwa kuti sindinaikwanitse. Za ubwana wawo ndalemba zochepa, za a Benedicta zochepa koposa. Chimene iwo ankaganiza ponena mawu aja palibe angachitsimikize, ndipo sindifuna kuti owerenga aganize kuti ine ndachitsimikiza.

Chimene ndingatsimikize ndi cha ine mwini. Manotsi aja a kukoleji ndawachotsa m'chikwama. Temu ikubwerayi sindidzalembetsanso ana kuti chakuti chimaimira chakuti tisanafunse kuti kwawo kwa wolembayo chinthucho chimagwira ntchito yanji, amabzala liti, amaopa chiyani, amadikira chiyani. Ndapempha kale ahedi kuti ana a Fomu 3 ndidzapite nawo kukamunda ka a Timoteyo mapesi akali pansi, tikawerengere ndakatuloyo komweko, ndipo eni munda avomera, bola ana asaponde m'mizere. Ahedi anandifunsa ngati zimenezi zidzabwera pamayeso. Ndinamva liwu lija lakuti mwina likukwera kukhosi, ndinalimeza, ndipo ndinawayankha kuti ayi, sizidzabwera, koma tipitabe.